Khansa ya M'mawere kwa Mayi wa Ana Aang'ono: Mafunso ndi Mayankho

Anthu ambiri amaiona khansa ya m'mawere ngati nthenda ya amayi achikulire amene anatenga kale zidzukulu. Koma pamzere wodikira mankhwala m'zipatala zathu zikuluzikulu pamakhalanso amayi a zaka za m'ma 30, ena a m'ma 20, ena mwana ali kumbuyo. Mayi wotere akamva zotsatira, maganizo ake amathamangira kwa ana: ayamwa chiyani, awasambitsa ndani, akula ndi yani. Chikondi chimenechi chimamulimbitsa, komanso n'chomwecho chimene chimamuchedwetsa kupita kuchipatala ndi kumudumphitsa masiku a mankhwala poopa kusiya ana okha. Mayankho ali m'munsiwa atsamira pa mfundo imodzi: mayi amene akulandira chithandizo chake mpaka kumapeto akulera ana ake, ndipo banja lonse liyenera kumuthandiza kuti atero.

Ndili ndi zaka 32 zokha, ndinabereka ndipo ana onse ndinawayamwitsa. Khansa yandipeza bwanji?

Khansa imayamba pamene maselo a m'njira zodutsa mkaka, kapena a m'tizigawo topanga mkaka, asokonekera n'kuyamba kuchulukana mosaletseka. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni padziko lonse anapezeka ndi nthendayi. Kuno ku Malawi, tikachotsa khansa ya khomo la chiberekero, imeneyi ili m'gulu la zimene zikugwira amayi kwambiri. Chiopsezo chimakula ndi msinkhu, koma popeza m'mayiko athu achinyamata ndi amene achuluka, odwala ambiri amakhala osakwana zaka 50.

Kuyamwitsa kumatetezadi. Kafukufuku wamkulu wa mu 2002, amene anasonkhanitsa zotsatira za m'mayiko 30, anapeza kuti chiopsezo chimatsika ndi pafupifupi 4 peresenti pa miyezi 12 iliyonse imene mayi wayamwitsa. Chimatsika, koma sichitheratu. Mwa odwala 100, pakati pa 5 ndi 10 okha ndi amene anachita kutengera kumtundu, ndipo kwa amayi ochuluka palibe choyambitsa chimodzi chimene dokotala angaloze. Kusunga ndalama kapena foni mu kamisolo sikuyambitsa khansa. Munthu sachita kulodzedwa nayo, si chilango, ndipo sangaipatsire mwamuna wake kapena ana ake. Simunalakwe kanthu.

Ndikuyamwitsa ndipo ndapeza chotupa. Anzanga akuti ndi mkaka umene waundana. Ndidikire mpaka mwana asiye kuyamwa?

Musadikire. N'zoona kuti zotupa zambiri za amayi achitsikana sizikhala khansa, ndipo bere loyamwitsa limatupa kawirikawiri. Koma kutupa kwa mkaka kumabwera mwadzidzidzi, kumapweteka, nthawi zina thupi limatentha, ndipo kumachepa mwana akayamwa kapena mukamwa mankhwala kwa masiku angapo. Chotupa cha khansa nthawi zambiri chimakhala cholimba, sichipweteka poyamba, ndipo sichisintha ngakhale bere likhale lopanda mkaka. Kusapweteka kumeneku n'kumene kumapusitsa ambiri.

Chotupa chikatha masabata awiri chili pomwepo, bwererani kuchipatala ngakhale munapatsidwa kale mankhwala. Chitaninso chimodzimodzi mukaona nsonga ya bere ikulowa mkati, magazi akutuluka kunsonga, mwanabere m'khwapa, chilonda chosapola, kapena khungu la bere litakhuthala n'kuchita timaenje ngati khungu la lalanje. Pemphani kuti zimene apeza azilembe m'buku lanu la kuchipatala, ndipo akutumizeni kumene kuli sikani. Kwa mayi wachitsikana sikani ya ultrasound imaonetsa bwino kuposa mammogram chifukwa bere lake limakhala lolimba, ndipo ilibe vuto kwa woyamwitsa kapena woyembekezera. WHO imafuna kuti kuchokera tsiku limene mayi wafika kuchipatala ndi chotupa mpaka kudziwa zotsatira pasapitirire masiku 60. Masiku akamatha osamva kanthu, kufunsa ndi ufulu wanu.

Akuti adule kanyama kuti akapime. Kodi zimenezi sizifalitsa nthendayo?

Sizifalitsa. Kupima kumeneku, kumene madokotala amati biopsy, ndi njira yokhayo yotsimikizira ngati chotupacho chili khansa. Amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, n'kutenga kanyama kakang'ono ndi singano yaikulupo, ndipo tsiku lomwelo mumabwerera kunyumba. Kanyamako kamapita ku labotale, monga imene inatsegulidwa pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe mu 2011, kapena ya ku Blantyre. Amayi amene nthenda yawo inakula atadulidwa kanyama, kawirikawiri inali itafalikira kale asanafike kuchipatala.

Tsiku lokamva zotsatira musapite nokha, chifukwa munthu akamva mawu akuti khansa, zotsatirazo makutu sazigwiranso. Tengani wachibale amene angalembe, ndipo mufunse zinthu zitatu. Choyamba, nthendayi ili pa siteji iti: masiteji amayambira 1, pamene chotupa chili chaching'ono ndipo chili m'bere mokha, mpaka 4, pamene yafika kumafupa, mapapo, chiwindi kapena ubongo. Chachiwiri, kodi imakula modalira mahomoni a akazi? Ngati pepala lalembedwa kuti ER positive, ndiye kuti mapiritsi a tamoxifen adzakuthandizani. Chachitatu, kodi ili ndi chizindikiro chotchedwa HER2? Chimenechi chili ndi mankhwala akeake otchedwa trastuzumab. Mayankho atatuwa ndi amene amasankha njira ya chithandizo chanu, n'chifukwa chake cha mnzanu wa pabenchi chingasiyane ndi chanu.

Chithandizocho chimayenda bwanji, ndipo chimapezeka kuti?

Pali njira zinayi zimene amaziphatikiza malinga ndi nthenda ya munthu: opaleshoni yochotsa chotupa kapena bere lonse pamodzi ndi anabere a m'khwapa, mankhwala a m'dripi, amene odwala amangoti kemo, kuwotcha maselo otsala ndi makina a radiotherapy, ndi mapiritsi oletsa mahomoni. Kemo nthawi zambiri amaperekedwa pakatha masiku 21 aliwonse, maulendo 6 mpaka 8, zimene zimatenga miyezi inayi mpaka isanu ndi umodzi. Amodzi mwa mankhwalawo, doxorubicin, ndi ofiira, ndipo mkodzo umafiira kwa tsiku limodzi kapena awiri. Amenewo si magazi.

Chotupa chikakhala chachikulu, madokotala amayamba ndi kemo kuti chichepe, opaleshoni n'kubwera pambuyo. Apa m'pamene amayi ambiri amatayikira. Pakatha maulendo awiri kapena atatu chotupa chija chimafota, mayi amaona ngati wachira, amaganizira ana ndi ndalama ya minibasi, n'kusiya kupita. Maselo amene atsala amayambanso kukula, ndipo pobwerera nthendayo imakhala itapita patali. Kufota kwa chotupa kumasonyeza kuti mankhwala akugwira, ndiye m'pofunika kuwamaliza.

Ku Malawi chithandizo cha khansa chimapezeka makamaka pa Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre ndi pa National Cancer Centre ku Lilongwe, pafupi ndi Kamuzu Central Hospital, ndipo njira yofikira kumeneko ndi kalata yochokera kuchipatala cha boma lanu. Kwa zaka zambiri ofunika radiotherapy ankatumizidwa kunja, monga ku India, koma m'zaka zaposachedwapa makinawa afika ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ku Zambia kuli Cancer Diseases Hospital ku Lusaka.

Ndiuzeni zoona: ndikhala ndi moyo kuti ndilere ana anga?

Amayi ambiri amachira n'kukalamba. WHO imanena kuti m'mayiko olemera amayi oposa 90 mwa 100 amakhala ali moyo patatha zaka zisanu, pamene ku South Africa ndi pafupifupi 40. Kafukufuku wa ABC-DO, amene anatsatira amayi ku Namibia, Nigeria, South Africa, Uganda ndi Zambia, anasonyeza mu 2020 kuti theka lokha ndi amene anali moyo patatha zaka zitatu. Ziwerengerozi n'zowawa, koma chimene chimazisiyanitsa n'chodziwika: kufika mochedwa ndi kusamaliza chithandizo. N'chifukwa chake pulogalamu imene WHO inayambitsa mu 2021 imafuna kuti amayi 60 mwa 100 azipezeka nthenda ili pa siteji 1 kapena 2, ndipo 80 mwa 100 azimaliza chithandizo chonse.

Ziwerengero zimakamba za gulu, sizikamba za inu panokha. Siteji imene mwapezeka nayo simungaibweze m'mbuyo. Chimene chili m'manja mwanu ndi mwa abale anu ndi kusaphonya tsiku lililonse lolembedwa m'buku lija.

Ndapezeka ndi khansa ndili ndi pathupi. Kodi ndisankhe pakati pa mwana ndi ine?

Nthawi zambiri sizifika pamenepo. Opaleshoni ya bere imatheka mayi ali woyembekezera. Kemo saperekedwa m'miyezi itatu yoyamba chifukwa ziwalo za mwana zimakhala zikuumbika, koma kuyambira mwezi wachinayi pali mankhwala amene amaperekedwa, ndipo ana obadwa kwa amayi otere amakula bwino. Madokotala amaimitsa kemo kukatsala masabata atatu kapena anayi kuti mayi achire, pofuna kuti magazi a mayi ndi a mwana abwerere m'malo. Radiotherapy, tamoxifen ndi trastuzumab amadikira mpaka mwana atabadwa. Chofunika n'chakuti dokotala wa khansa ndi azamba azidziwana ndi kugwirira ntchito limodzi, ndipo mukachirire kuchipatala chachikulu. Kubisa pathupi kwa dokotala wa khansa, kapena kubisa khansa kusikelo ya amayi oyembekezera, kumaika pangozi nonse awiri.

Mwana wanga ali pabere. Ndimusiyitse?

Khansa sidutsa mu mkaka, choncho mwana amene anayamwa bere lodwalalo sanatenge kanthu. Chimene chimadutsa ndi mankhwala. Mukayamba kemo kapena tamoxifen, kuyamwitsa kuyenera kuima. Kwa mayi wachimalawi zimenezi zimapweteka, chifukwa bere ndi limene amatonthozera mwana, ndipo pamudzi pamakhala ofunsa kuti mwana wamng'ono chonchi mwamuletseranji. Yankho lake ndi lakuti mwamusiyitsa kuti mudzakhalepo pamene akuyamba sukulu.

Mwana wosakwana miyezi 6 amafunika mkaka wa m'chitini wa makanda, wosungunula ndi madzi owiritsa ndi kumumwetsa ndi kapu yoyera, chifukwa botolo limavuta kutsuka ndipo limabweretsa kutsegula m'mimba. Mkaka wa ufa wothira mu tiyi sumuyenera. Wopitirira miyezi 6 akhoza kudya phala lothira nsinjiro, dzira, usipa wosinja ndi zipatso, pamodzi ndi mkaka. Uzani anamwino akusikelo kuti azimuyang'anira kulemera kwake mwezi ndi mwezi. Ngati pali masiku angapo musanayambe mankhwala, musiyitseni pang'onopang'ono, ndipo bambo ake kapena agogo ake ayambe kumugoneka kuti azolowere. Mwana wodzabadwa m'tsogolo, chithandizo chitatha, angathe kuyamwa bere lotsalalo, ndipo limodzi limakwanira.

Masiku a kemo ndiziyendetsa bwanji pakhomo pamene pali ana?

Ubwino wake ngwakuti masiku ovuta amadziwikiratu. Masiku atatu mpaka asanu oyamba mukalandira dripi ndi a nseru ndi kufooka. Kuyambira tsiku la 7 mpaka la 14 chitetezo cha m'thupi chimatsika kwambiri. Sabata yachitatu mphamvu zimabwerera. Tengani kalendala, lembani masiku amenewa, ndipo mugawire achemwali, alamu ndi anansi ntchito zotchulidwa dzina: uyu kutunga madzi, uyu kuphika, uyu kuperekeza ana kusukulu. Mankhwala oletsa kusanza muziwamwa nthawi imene anakuuzani, osadikira kuti nseru iyambe. Idyani pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Palibe chakudya chapadera chimene chimachiza khansa. Nyemba, mazira, nsomba, masamba ndi zipatso zotsukidwa bwino n'zokwanira.

Choopsa kwambiri ndi kutentha thupi. Likafika madigiri 38, kapena mukayamba kunjenjemera, pitani kuchipatala nthawi yomweyo ngakhale pakati pa usiku, ndipo mukanene pakhomo pomwe kuti muli pa kemo. Musangoganiza kuti ndi malungo n'kugula panado kapena LA pagolosale, chifukwa kwa munthu amene chitetezo chatsika majeremusi amatha kupha m'maola ochepa. Gonani mu neti usiku uliwonse, sambani m'manja ndi sopo mukasintha mwana thewera, ndipo mwana wodwala chikuku kapena katsabola amusamalire wina. Ngati muli pa ma ARV musawasiye; dokotala wa khansa adziwe mtundu umene mukumwa.

Kunyamula ana, kuwafungatira ndi kugona nawo mphasa imodzi kulibe vuto, ngakhale tsiku limene mwachokera ku radiotherapy. Tsitsi limayamba kuthothoka pakatha masabata awiri kapena atatu, ndipo limameranso chithandizo chikatha. Amayi ena amayamba ameta okha ana akuona, n'kuvala duku, kuti anawo asadzidzimuke.

Ana ndiwauze chiyani? Si bwino kuwabisira?

Ana amaona zonse: kunong'onezana kwa akuluakulu, maulendo a kutauni, amayi akusanza kuseri. Akapanda kuuzidwa amadzipangira nkhani yawo, ndipo nthawi zambiri imakhala yoopsa kuposa zoona. Wina amaganiza kuti amayi akudwala chifukwa iye sanamvere. Wina amamva kwa anzake kudambwe kapena kumjigo, m'mawu opanda chifundo.

Auzeni nokha, m'mawu a msinkhu wawo. Wa zaka zinayi kapena zisanu angamve izi: "Amayi ali ndi chotupa m'bere, dzina lake khansa. Adokotala akundipatsa mankhwala amphamvu amene azinditopetsa ndi kuthothola tsitsi. Iwe sunalakwe chilichonse, ndipo sungatenge nthendayi. Ndikapita kuchipatala uzikhala ndi agogo, ndipo ndizibwera." Adzafunsa zomwezo kambirimbiri, muyankheni zomwezo. Wamkulupo akafunsa ngati mumwalira, musalumbire zimene simungazidziwe. Muuzeni kuti nthendayi ndi yaikulu, ambiri amachira, madokotala akuyesetsa, ndipo zinthu zikasintha adzamva kwa inu. Aphunzitsi awo adziwenso, kuti akaona mwana wasintha khalidwe amumvetse.

Chenjezo lapadera ndi la mwana wamkazi woyamba. M'mabanja ambiri iyeyu ndi amene amasanduka mayi wa pakhomo ndi gadiyani wa kuchipatala, mpaka kusiya sukulu. Athandize ntchito za msinkhu wake, koma udindo wodwazika ukhale wa akuluakulu.

Andichotsa bere. Kodi banja langa lilimba?

Kulira bere lanu si kupanda chikhulupiriro. Linayamwitsa ana anu ndipo linali mbali ya ukazi wanu, choncho dzipatseni nthawi. Chilonda chikapola, pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, mungaike mu kamisolo bere lochita kusoka ndi nsalu yofewa kapena loluka ndi ulusi, ndipo zovala zimakhala bwinobwino. Kucheza ndi mayi wina amene anadutsamo kale kumathandiza kuposa mawu a wina aliyense. Funsani anamwino kuti akulumikizeni naye.

Tisabise, alipo abambo amene amachoka, ena chifukwa cha mantha, ena chifukwa cha mawu a abale awo. Aliponso ambiri amene amaima nji. Kusiyana kwake nthawi zambiri kumayambira pa kumvetsa, n'chifukwa chake ndi bwino bambo a kunyumba alowe nanu m'chipinda cha dokotala ndi kudzifunsira okha. Amve kuti khansa sipatsirana pogonana, ndiponso kuti kukhala malo amodzi sikuikulitsa. Sabata yoyamba mukalandira kemo gwiritsani ntchito kondomu, chifukwa mankhwala amatsalira m'madzi a m'thupi. Chilakolako chimatha kuchepa ndipo kumaliseche kumatha kuuma. Zimenezi ndi mankhwala, ndipo ku famase kuli mafuta othandiza. Ngati apongozi ayamba kulankhula zopweteka, ankhoswe akhalepo msanga nkhani isanakule. Kwa inu bambo: mkazi wanu akuyang'ana nkhope yanu tsiku limene mudzaone chipsera koyamba. Musayang'ane kumbali.

Nanga za kulera? Ndingadzaberekenso?

Kemo amatha kuimitsa msambo. Kwa amayi osakwana zaka 35 nthawi zambiri umabwerera pakatha miyezi ingapo, koma kwa oyandikira zaka 40 umatha kusiyiratu. Ngati mukufuna mwana wina, nenani chithandizo chisanayambe, chifukwa pali jakisoni amene angathandize kuteteza mazira. Kusasamba sikutanthauza kuti simungatenge pathupi, ndipo pathupi pa nthawi ya kemo kapena tamoxifen m'poopsa kwa mwana. Choncho kulera n'kofunika, koma osati ndi njira za mahomoni. Jakisoni wa Depo, mapiritsi olerera ndi kachipangizo ka pamkono sizoyenera kwa mayi wa khansa ya m'mawere. Zoyenera ndi lupu ya kopa, makondomu, kapena kutseka kwa amene ana awakwanira. Ngati muli nako kale ka pamkono, uzani dokotala kuti akachotse.

Kuberekanso n'kotheka, ndipo kafukufuku sasonyeza kuti pathupi pamabwezeretsa khansa. Madokotala ambiri amalangiza kudikira zaka ziwiri, chifukwa m'zaka zoyambirira ndi mmene nthenda yoopsa imakonda kubwerera. Kafukufuku wa POSITIVE, amene anatuluka mu 2023, anatsatira amayi oposa 500 a zaka 42 kutsika m'munsi amene anali atamwa mapiritsi a mahomoni kwa miyezi 18 mpaka 30, kenako n'kupumira mpaka zaka ziwiri kuti abereke. Patatha zaka zitatu nthenda inabwerera kwa 8.9 peresenti, pamene kwa amayi ofanana nawo amene sanapumire inali 9.2 peresenti. Amayiwa anadikira miyezi itatu atasiya mapiritsi asanayese kutenga pathupi, ndipo dongosolo linali lakuti akabereka ayambirenso kumwa. Ndi chinthu chochita mogwirizana ndi dokotala, osati kungosiya nokha chifukwa abale akufunsa za mwana wina.

Ndalama zatha, ndipo ena akuti tiyese kwa asing'anga kapena kumapemphero. Titani?

M'zipatala za boma chithandizo n'chaulere, koma ulendo, chakudya, malo ogona gadiyani ndi mankhwala amene asowa tsikulo zimadya ndalama. Werengerani mtengo wa maulendo onse poyamba pomwe, n'kuuika pamaso pa banja lonse, akuchimuna ndi akuchikazi, pamodzi ndi abale amene ali ku Joni kapena kwina. Mutu umodzi susenza denga. Amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Dorika, magulu a amayi achisilamu ndi anzanu a banki mkhonde amathandiza bwino akauzidwa chosowa chenicheni ndi tsiku lake. Pewani katapila. Ngati muli pantchito yolembedwa ndipo mwagwira miyezi 12, lamulo la ntchito la Malawi la mu 2000 limakupatsani tchuthi chodwala cha masabata anayi pa malipiro onse ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro chaka chilichonse, mukaonetsa kalata ya dokotala.

Pemphero limalimbitsa mtima, ndipo silitsutsana ndi dripi. Koma aliyense wokuuzani kuti mutaye mankhwala posonyeza chikhulupiriro akuseweretsa moyo wa mayi wa ana. Kutema mphini pabere kumatsegula chilonda chimene sichipola, ndipo zitsamba zina zimawononga chiwindi chimene chikulimbana kale ndi kemo. Chilichonse chimene mukumwa, dokotala achidziwe.

Ndamaliza chithandizo, anthu akusangalala, koma ine ndikadali wotopa ndi wamantha. N'chifukwa chiyani?

Zimachitikira ambiri. Nthawi ya chithandizo munali ndi masiku owerenga ndi anthu okuzungulirani. Tsopano alendo achepa, ntchito zonse zabwerera pa inu, ndipo mutu ukangowawa mumaganiza kuti yabweranso. Kutopa kumatha miyezi yambiri, kuiwalaiwala nakonso. Mantha amachepa m'kupita kwa nthawi, koma ngati patha masabata awiri musakugona, musakudya, kapena mukuona kuti moyo ulibe phindu, kauzeni achipatala. Matenda a nkhawa ali ndi chithandizo.

Amene anapatsidwa tamoxifen amamwa piritsi la 20 mg tsiku lililonse kwa zaka 5 mpaka 10, ndipo limachepetsa kwambiri mpata woti khansa ibwerere. Limabweretsa kutentha kwadzidzidzi ndi thukuta usiku, koma musalisiye musanafunse. Thamangirani kuchipatala ngati mwendo umodzi watupa ndi kupweteka, mukubanika, kapena mukutaya magazi mosayembekezera. Kuonedwa ndi dokotala kumakhala miyezi 3 mpaka 6 iliyonse m'zaka zoyamba, kenako kumatalikirana. Musadikire tsiku lanu mukaona chotupa chatsopano pachipsera, pabere linalo kapena m'khosi, kupweteka kwa mafupa kosatha, chifuwa chosamva mankhwala, maso achikasu, kapena kuonda kosadziwika chifukwa.

Mkono wa mbali ya opaleshoni umatha kutupa chifukwa anabere amene amakoka madzi anachotsedwa. Muziugwiritsa ntchito ndi kuchita mafizo amene anakuphunzitsani, koma kulima, kusinja ndi kusenza madzi mubwerereko pang'onopang'ono. Utetezeni ku mabala ndi moto, ndipo kabala kalikonse mukatsuke msanga. Kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, kupewa mowa ndi kusanenepa kwambiri zimathandizanso. Musaiwale kuyezetsa khomo la chiberekero.

Kodi ana anga aakazi adzadwalanso?

Ambiri sadzadwala, koma chiopsezo chawo n'chokwererapo poyerekeza ndi anzawo, makamaka chifukwa inu mwadwala muli wachitsikana. Chibadwa cholakwika chodziwika kwambiri chimatchedwa BRCA1 ndi BRCA2, ndipo chingachokere kuchimuna kapena kuchikazi. Kholo limene lili nacho lili ndi mpata wa theka wopatsira mwana aliyense. Uzani dokotala ngati kumtundu kwanu kunali ena odwala khansa ya bere kapena ya mazira, kapena mwamuna wodwala khansa ya bere. Atsikana akakula auzeni mbiriyi momveka, pamodzi ndi zaka zimene munali nazo, kuti adzayambe kupimidwa msanga. Langizo lofala ndi kuyamba kutatsala zaka 10 kuti afike msinkhu umene mayi anapezeka nayo. Achemwali anu auzeni lero.

Dokotala wati yafalikira. Ndiye kuti basi?

Khansa ya siteji 4 sichizika, koma imachepetsedwa mphamvu, ndipo amayi ena amakhala nayo zaka akulera ana awo. Ululu suyenera kupiriridwa: morphine wamadzi amapezeka m'zipatala za boma, ndipo kumwa sikutanthauza kuti imfa yafika. Kuli magulu osamalira odwala otere, monga Tiyanjane pa Queen Elizabeth Central Hospital ndi Ndi Moyo ku Salima, ndipo zipatala za m'maboma zili ndi anamwino a ntchito yomweyi.

Kukonzeratu za ana si kudziitanira tsoka. Khalani pansi ndi mabanja onse awiri mukadali ndi mphamvu, mugwirizane amene adzawalere ndi kumene adzaphunzire. Lembani wilo pamaso pa mboni ziwiri. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limateteza ana ndi wamasiye, ndipo kulanda katundu ndi mlandu. Ana auzidwe zoona pang'onopang'ono, kuti nthawi imene muli nawo isathere m'kubisirana.

Ndine mwamuna wake, mchemwali wake, apongozi ake. Ndichite chiyani?

Musamufunse kuti akufuna chiyani, chifukwa mayi wa ana adzati ali bwino. Tsegulani buku lake la kuchipatala, onani tsiku la ulendo wotsatira, ndipo muonetsetse zinthu zitatu lisanafike: ndalama yoyendera ilipo, womuperekeza alipo, wotsala ndi ana alipo. Akafuna kulira musamuletse ndi mawu akuti limbani mtima, ndipo musamufotokozere za amene anamwalira ndi nthendayi. Akanena kuti ulendo uno sapita chifukwa mwana akudwala kapena kumunda kwatsala ntchito, mutengereni mwanayo kuchipatala, mulimireni mundawo, iye apite. Muzichita zimenezi pa ulendo woyamba, wachisanu ndi womaliza, ndiponso m'zaka za mapiritsi pamene ena onse aiwala kuti anadwalapo. Ana amenewa akufunika mayi wawo, ndipo kuti iye amalize chithandizo zikudalira inu.